A Debeni ndi Alendo Awo a M'galasi

Mwezi wamawa tikumanga chiliza cha apongozi anga aamuna, a Sitefano Ngozo, amene kuyambira pa Golomoti mpaka pa Mtakataka ankadziwika kuti a Debeni. Ana awo andipempha kuti ndipereke mawu oti alembedwe pamwalapo, poti ndine ndinakhala nawo zaka zawo zomaliza. Mmisiri akuti pakwana mizere itatu basi. Ndaganiza sabata yathunthu, koma munthu uja m'mizere itatu sakulowamo. Ali moyo sankakwana ndi pampando pomwe. Ndiye ndatenga kope lotsala la mwana wanga Tadala kuti ndilembe zimene ndikukumbukira, eni akewo asankhemo okha.

Choyamba n'chakuti sankakhala pansi. Tiyi ankamwa chiimire, nkhope kumsewu. Kutchalitchi ku Mua ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, ndipo ulaliki ukatalika tinkangomva nsapato zawo panja pa miyala. Patsiku ankapita kumsewu waukulu kanayi kapena kasanu, manja kumbuyo, kukaona mathiraki akudutsa, n'kubwerera osalankhula ndi munthu. M'thumba la jekete munkalira makiyi. Anali makiyi a sitolo ya ku Debeni, mzinda wa ku Joni wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene anagwira ntchito zaka pafupifupi makumi atatu. Sitoloyo inatsekedwa kalekale, mwina ndi zitseko zomwe anazizula, koma makiyiwo sanawataye.

Sitoloyo inkagulitsa nsomba zamoyo, zoti si ndiwo ayi, zongoika m'galasi kuti anthu aziziona. Ntchito yawo inali yoti nsombazo zisafe zisanagulidwe.

Anzawo pochokera ku Joni amabwera ndi malata, firiji, kapena njinga yamoto. Iwo anabwera ndi thanki yagalasi yotalika ngati bedi, yokulungidwa m'mabulangete asanu, pamodzi ndi zidebe za mchere, sola, batire ndi miyala yoyera ya mabowomabowo. Mlongo wawo wamng'ono, a Nangozo, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yathu, anaizungulira thankiyo kawiri.

"Achimwene, zaka zonsezi mwatibweretsera bafa loonekera mkati? Asambemo ndani anthu akuona?"

A Debeni anamanga njerwa pakona ya pabalaza posafika dzuwa, n'kuikhazika pamenepo.

Nsomba imene ankaifuna inali imodzi yokha. Dzina lake lachizungu silinandikhale pakamwa. A Hamisi, dalaivala wa thiraki ya mafuta wa ku Dar es Salaam amene ankawabweretsera m'chidebe, ankaitchula kangaja. Kukula kwake ngati chikhatho. Thupi lake ndi la buluu wotuwira, ngati buluu uja tinkaviikamo malaya oyera a kutchalitchi. Nkhope ndi yakuda bii, pakhosi poyera, chipsepse cha pamsana chachikasu ngati duwa la dzungu. Pafupi ndi mchira ili ndi kampeni kobisika. Kanandicheka kamodzi pachala, chipsera chilipo.

Ndipo nsombayo siima. Kuyambira m'mawa imatsata galasi, kufika kumapeto, kutembenuka, kujompha ndere pamwala, kubwerera. Ikaona chithunzi chake pagalasi imafuna kumenyana nacho. Anthu obwera kudzaiona ankayamba ndi kuyamikira kukongola, koma pakapita kanthawi ankati yawachititsa chizungulire. Iwo ankaima patsogolo pake, nawonso akusuntha, nsomba ikapita kumanja iwo kumanja.

Ankakonda kunena kuti nsomba zina zimafa ukalakwitsa, koma iyi imayamba kufa ikangoganiza kuti ulakwitsa. Ankati khungu lake ndi lopyapyala, matenda aliwonse a m'madzi amayambira pa iyo. Ankatinso woweta nsomba ya m'nyanja ya mchere ntchito yake yeniyeni ndi madzi, nsombayo imangobwera kudzakuuza ngati wakhoza. A Nangozo atawafunsa kuti nanga akuvutikiranji ndi chinthu chokonda kufa chotero, anayankha kuti kusitolo kuja anapereka kangaja wambiri m'manja mwa ogula, ndipo ogulawo ankabweranso pakatha mwezi kudzafuna wina. Sanaonepo mmodzi akukalamba. Ankafuna aone mmodzi yekha akukalamba.

Yoyamba inakana kudya. Anaiyesa ndere yomeretsa pamiyala padzuwa, anaiyesa bonongwe wofutsa womangirira pakamwala, anaiyesa zakudya za m'chitini zochokera ku Joni. Inkangodutsa. Mimba inaphwa mpaka inaoneka ngati wina waitsina ndi zala, ndipo isanathe sabata yachiwiri inafa. Yachiwiri inadya bwino miyezi itatu. Kenako kunagwa mvula ya masiku anayi osaona dzuwa, batire linatha, pampu yotakasa madzi inaima, ndipo pofika masana a tsiku lachinayi nsomba inali itagona chammbali.

"Ndiye tiikazinge, tilaweko chimene chinakusungani ku Joni," anatero a Nangozo.

Iwo anaikwirira pansi pa mtengo wa mandimu, pafupi ndi yoyamba ija. Atatero anayenda wapansi mpaka pa Golomoti, n'kubwerako osagula kanthu. Anatha mwezi osawapatsa moni a Nangozo. Mwezi wotsatira anagula batire lachiwiri, n'kukaimirira kumsewu kudikira a Hamisi.

Yachitatu sanaipatse dzina. Ankangoti alendo, mwaulemu, ngati akunena munthu wamkulu.

Apa ndifotokoze pang'ono za pakhomo pathu. Ine ndinakwatiwa kuno mwa chitengwa, kuchokera ku Mtakataka, ndipo anandilowola. Amuna anga, a Yohane, anapita ku Joni bambo awo atangobwerako, ngati anasinthana malo. Apongozi aakazi anali atamwalira kale. Pakhomo tinatsala ine, ana awiri ndi madalawo. Mwambo wathu mpongozi sayang'ana apongozi aamuna kumaso, salankhula nawo mwachindunji, ndipo sawatsutsa. Mukakumana panjira umapatuka n'kugwada. Koma manja awo anali atayamba kuuma ndi nyamakazi, ndowa sankatha kunyamula, pamene ntchito ya thankiyo ndi ya ndowa. Ndiye anapeza njira. Ankaima patsogolo pa galasi, nkhope kunsomba, n'kunena mokweza:

"Alendo, kodi eni nyumba akudziwa kuti madzi atsika?"

Ine ndili pakhomo ndinkayankha kuti, "Alendo, auzeni kuti ndamva."

Zaka ziwiri tinkalankhulana choncho. Ndi nkhani za kumunda zomwe zinkadzera kwa alendo. Tsiku lina ndikusenda mtedza pakhonde ndinamva m'nyumba kuti, "Alendo, mbalame zatha mpunga ku Bwanje, eni ake ali pano akusenda mtedza." Ndinadzuka n'kutenga mpango.

Madzi a pamjigo ankawakana. Ankafuna a mvula okha, osungidwa m'migolo yapulasitiki yotseka. Mchere sunali wa pamsika. Unkabwera pa basi kuchokera kwa amuna anga, ndipo ndikayerekeza kutapako wothira m'ndiwo, alendo ankauzidwa tsiku lonse. Sabata iliyonse ndinkachotsa ndowa ziwiri m'thankimo, n'kusungunula mchere m'madzi atsopano, kutakasa, kusiya tsiku lathunthu, kenako kuthira pang'onopang'ono. Madzi akangotsika okha ndi kutentha tinkawonjezera opanda mchere, poti ankati dzuwa limamwa madzi koma mchere limausiya. Nyengo yotentha, pamene kuno kuchigwa ndi nkhuku zomwe zimayasamula kukamwa, ndinkapachika masaka onyowa m'mawindo n'kupita ku Golomoti kukagula mabotolo a madzi oundana oti aziyandama m'thankimo.

Choyezera mchere chinali kagalasi kakatali ngati pensulo, kotupa kumunsi, koyandama. Pakhosi pake pali kamzere kobiriwira. Madzi akalekezera pa kamzerepo ndiye kuti mchere uli bwino. Kagalasi kakakwera, kamzere n'kutuluka pamwamba pa madzi, ndiye kuti mchere wachuluka. Kagalasiko sankalola munthu kukagwira. Ankakasunga m'sokosi, m'thumba la mkati la jekete.

Chimene ndikufuna ana awo adziwe bwino chinachitika chaka chachiwiri cha alendo, nyengo yotentha.

Anayamba kunena mawu amodzimodzi sabata iliyonse. Akaviika kagalasi m'ndowa ya madzi atsopano, ankawerama, kuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kutembenukira kuthanki.

"Alendo, mchere wachepa. Awonjezere kapu imodzi."

Ine pamene ndinagwadapo ndinkaona bwinobwino kuti kamzere kali pamwamba pa madzi. Tanthauzo lake ndinkalidziwa, poti ndinawamva kambirimbiri akufotokozera alendo. Koma ndikanayambira pati? Munthu wa zaka makumi atatu pantchitoyo, ine mpongozi. Ndinaganiza kuti mwina nyengo yotentha ili ndi muyeso wake umene ine sindikuudziwa. Ndinkawonjezera. Ndinatero masabata asanu.

Alendo anayamba kudzikhula pamiyala. Anayamba kupuma mofulumira, buluu uja n'kuzilala. Kenako thupi lonse linatuluka timadontho toyera, ngati wina wawaza ufa, mpaka m'maso. Kudya anasiya. Anakabisala kuseri kwa mwala, osayendanso. M'nyumba munaoneka ngati wotchi yaima.

A Nangozo anabwera kudzaona. Anayang'ana timadonthoto nthawi yaitali, n'kufunsa Tadala kuti, "Amathira mchere m'madzimu ndani?"

"Amayi," anatero mwanayo.

"Oho."

Madzulo omwewo anaitana ana anga onse awiri kukadya kwawo.

Kuno akuluakulu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, amadula a m'nyumba mwake. Ana amatupa, amatsokomola, amawonda. Ndiwo mdulo umenewo. Amuna anga anali atatha zaka ziwiri osabwera. Ine masiku otentha ndinkapita ndekha ku Golomoti pafupifupi tsiku lililonse, ndipo a Hamisi akaima ndi thiraki, ndine ndinkapita kumsewu kukalandira katundu wa nsomba. Anthu anaphatikiza okha. A Nangozo ankauza aliyense wofunsa kuti lero ndi nsomba, mawa ndi ana.

Ndikafika pamjigo macheza ankatha. Foni ya amuna anga inayamba kungoitana osayankhidwa. Kenako unabwera uthenga woti ankhoswe adzakumana Loweruka. Mkazi wolowoledwa akabwezedwa kwawo amapita yekha, ana amatsala kwa atate awo. Tadala anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mng'ono wake zinayi.

Izi ndilemba ngakhale zisalowe pamwala: masiku asanu odikira Lowerukalo a Debeni anandisiya ndekha. Zonse ankazimva. Sanauze alendo kanthu, ndi mawu amodzi omwe. Ndinkangomva makiyi akuzungulira nyumba, kupita kumsewu, kubwerera, kuzunguliranso. Mbale zawo zinkabwerera zosakhudzidwa. Ine ndinkayandamitsabe mabotolo oundana m'thanki, mtima uli kuwawa, ndikudzifunsa kuti munthu amene ndamutumikira chonchi angasankhe kukhala chete.

Loweruka m'mawa anayala mikeka pansi pa mtengo wa mango. Anabwera amalume anga, a Banda, kuchokera ku Mtakataka, ndiwo ankhoswe anga. Kuchimuna kunali msuweni wa a Debeni ndi a Nangozo. Amuna anga anali pafoni, foniyo ataiika pakampando pakati kuti onse azimva. A Debeni sanakhale pamkeka. Ankayenda kumapeto kwa mthunzi.

"Ine sindinagwire munthu," anayamba a Nangozo. "Ndangoona nsomba. Zaka ziwiri ili bwinobwino, lero yatuluka zidzolo. Wothira mchere ndi mmodzi."

"Mayi, mdulo wa nsomba ndikuumva lero," anatero amalume. "Ndiye chambo chikafa m'nyanja tizikafunsa akazi a asodzi?"

"Chambo sichidya mchere wa m'manja mwa munthu."

"Nanga anawo atupa? Abwere tiwaone."

"Mukufuna tidikire atupe?"

Anakokana choncho kwa nthawi. Ine ndinangowerama. Atandifunsa ndinati sindinayende ndi munthu, koma mawu anga anatuluka ang'onoang'ono, ndipo ndinaona kuti sanafike patali. Kenako pafoni paja panamveka mawu a amuna anga.

"Bambo alipo? Bambo ndiye amakhala m'nyumbamo. Anene."

Makiyi anasiya kulira. A Debeni analowa m'nyumba. Tinamva madzi akutungidwa. Anatuluka atanyamula okha ndowa ya madzi a m'thanki, ndi manja ouma aja, madzi akukhavukira pathalauza. Anaitula pakati pa mikeka. Anatulutsa sokosi, n'kuviika kagalasi.

"Nangozo, tasendera. Kamzere kobiriwira ukukaona?"

"Ndikukaona."

"Kali pati?"

"Pamwamba pa madzi."

"A Banda?"

Amalume anasuzumira. "Pamwamba ndithu. Pangalowe chala."

"Ine sindikukaona," anatero a Debeni. "Ndi kagalasi komwe ndikukadziwa ndi zala. Miyezi isanu ino m'maso mwanga muli nkhungu. Nonse muli panowa ndikukudziwani ndi mawu. Kumsewu ndimapita kukamva mathiraki, osati kukawaona."

Analoza kundowa n'kupitiriza.

"Kamzere kakatuluka chonchi ndiye kuti mchere wachuluka. Mcherewo ndinalamula ndine, kapu iliyonse. Nsomba iyi madzi akasintha imafooka, ikafooka tizilombo timaigwira, ndi timadontho mukutionato. Ndinazindikira Lolemba, nditalawa madziwo ndi lilime. Ndakhala chete chifukwa ndimaopa kuti mukadziwa za maso mundikhazika pakhonde ndi ndodo. Wadula nsomba ndine. Ngati pali wobwezedwa kwawo, mundibweze ine ku Debeni."

Atatero anatembenukira kumene ndinali, ngakhale anaphonya pang'ono n'kuloza kwa amalume.

"Mayi a Tadala."

Kanali koyamba kundiitana. Maso anga anafunafuna thanki kuti ndiyankhire kwa alendo, koma tinali panja.

"Bambo."

"Munkaona?"

"Ndinkaona, bambo."

"Osanena bwanji?"

"Ulemu, bambo."

"Ulemu wanu ndi manyazi anga zatsala pang'ono kupha alendo, ndi ukwati womwe. Tengani."

Anandipatsa kagalasi kaja, ndi sokosi yake.

A Nangozo anaombetsa manja. "Achimwene, mukulankhula ndi mpongozi pamaso pa anthu?"

"Mwambo umati ndisamuyang'ane. Ndikumuona ngati?"

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Pafoni amuna anga anati mayunitsi awathera, aimbanso madzulo. Anaimbadi. Ndinaisiya iitane masiku atatu.

A Nangozo sanapepese. Anapinda mkeka wawo n'kupita. Ana anabwerera kudzadya kwathu. Koma kuyambira pamenepo, akabwera kudzadya nafe ankati ndiwapatulire ndiwo ndisanathire mchere, akuti kuthamanga kwa magazi. Kwawo ankathira mchere ndi dzanja lonse, Tadala ankaona. Ine ndinkangopatula.

Tsiku lomwelo la mlandu, anthu atabalalika, a Debeni anandiuza kuti tidule migolo iwiri pakati. Alendo tinawaika mu umodzi, madzi oyera, pampu yaing'ono, opanda miyala. Pakapita masiku atatu, m'mawa tinkawasamutsira mu winawo, wakalewo n'kuutsuka, kuuyanika padzuwa mpaka uume gwa. Ankati tizilomboto timagwa pansomba n'kukaswa pansi, ndiye alendo akasamutsidwa tizilomboto tisanaswe, timatsala m'mbuyo. Mchere tinkautsitsa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi, poti kutsitsa mofulumira n'kudulanso kachiwiri. Thanki yaikulu inakhala yopanda nsomba miyezi iwiri yathunthu kuti zotsalamo zife ndi njala.

Iwo ankalamula, ine ndinkaona. Ankandifunsa mwachindunji tsopano, mafunso osatha. Akupuma bwanji? Buluu wabwerera? Diso lamanzere layera? Ndikachedwa kuyankha ankazungulira mgolo mpaka ndinkaopa kuti agweramo. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamangirira tsamba la bonongwe pakamwala, monga masiku onse. Alendo analidutsa kawiri. Kachitatu anaima.

"Kwachitika chiyani? Mwasiya kupuma bwanji?"

"Ajompha, bambo."

"Kamodzi?"

"Akujomphabe."

Anakhala pansi, pasimenti penipeni, miyendo tambalale. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akukhala popanda wowakakamiza. Sanakhalitse. Anadzuka n'kupita kumsewu, ndipo anakauza woyendetsa kabaza woyamba kukumana naye.

Pambuyo pake tinawatengera kuchipatala, diso limodzi anachotsa ng'ala, ndipo anayambanso kuona. Koma kagalasi sanakaitanitse. Ankati amene anaona n'kukhala chete waphunzira kale, pamene amene sanaone n'kulankhula angathe kubwereza. Alendo ankawagwiritsabe ntchito akafuna kundiputa. "Alendo, tsabola wa lero ndi wa chilango kapena wa chikondi?" Ine ndinkayankha ndekha kuti, "Wa chilango, bambo."

Zaka zitatu zinapita choncho. Alendo anakula kupitirira chikhatho. Timadontho tinabweranso kamodzi, mvula itazizira mwadzidzidzi, ndipo tinabwerera kumigolo. Chaka chomaliza a Debeni anayamba kudandaula kuti thanki yachepa. Ankayeza ndi mapazi kutalika kwake, n'kupukusa mutu. Ankati kwawo nsombayi imayenda mtunda wautali patsiku, kuno ikungotembenuka. Tsiku lina a Hamisi atawafunsa ngati angafune ina yoti izichezetsa inzake, anakana mwaukali, nati ziwiri zingaphane, ndiponso pakhomo pano isadzabwerenso ina. Atalowa m'nyumba anaima nthawi yaitali pagalasi. Ndinawamva akufunsa alendo, motsitsa mawu, ngati kukalamba kutali ndi kwanu n'kukalamba ndithu. Funso limenelo silinali langa.

A Debeni anagwa masana ena panjira yochokera kumsewu, mpunga uli pafupi kucha. Anawapeza azimayi ochokera kumjigo. Anamwalira mawa lake kuchipatala, makiyi ali m'jekete.

Tsiku loika maliro ine ndinali kuseri ndi azimayi ophika kuyambira m'mamawa, monga mpongozi. M'nyumba munadzaza anthu, sindinalowemo. Tili kumanda, kwaya ikuimba pachimkuzamawu, maso anga anagwera pa batire limene anyamula. Linali lomata tepi yofiira pakona. Pambali pake panali linzake. Anali mabatire a thanki, onse awiri. Wina anawazula m'mawa poti magetsi a kwaya anavuta, osadziwa kanthu.

Mpongozi sachoka kumanda manda asanatsekedwe. Ine ndinachoka, ndipo ndinathamanga.

M'nyumba munali zii, pampu yosalira. A Nangozo anali atatsala chifukwa cha miyendo. Ndinawapeza ataimirira patsogolo pa thanki, dzanja limodzi litagwira njerwa, linalo likutunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Kutunga, kukweza, kuthira. Chitenje chonse chinali chitanyowa.

"Mwachedwa," anatero osatembenuka. "Landirani kapu, mikono yatha. Ndinkawaona achimwene akutero batire likafooka."

Alendo anali pamwamba, akupuma mofulumira, koma ali moyo.

Anakhala nafe miyezi ina isanu ndi iwiri. Ndinachita zonse monga anandiphunzitsira. M'mawa wina wa nyengo yotentha ndinawapeza atagona kuseri kwa mwala. Panalibe kadontho ndi kamodzi komwe. Ndinaviika kagalasi, madzi analekezera pa kamzere penipeni. Kaya kunali kutentha, kaya ndi kukalamba kuja ankafuna kukuona, ine sindikudziwa. Ndinawakwirira pansi pa mandimu, pafupi ndi anzawo awiri aja.

Masana a tsikulo a Nangozo anabwera kudzadya. Ndinawapatulira ndiwo zawo monga mwa masiku onse. Analawa kamodzi, n'kukankhira mbale kwa ine.

"Zopanda mchere zanditopetsa. Thirani."

Ndinathira. Anadya zonse.

Thanki ikadali pakona paja. Madzi ndinakhuthula, koma mchere unasiya mzere woyera kuzungulira galasi, pamene madzi ankalekezera, ndipo ndikapukuta umabweranso. Miyala yauma, yayera ngati mafupa. Amuna anga akuti tigulitse, kapena tizisungiramo mpunga. Ndawauza kuti adzanene zimenezo ali kuno. Pasimenti, kuyambira patsogolo pa thanki kukafika pakhomo, pali kanjira kosalala kuposa pena ponse, kotha ndi nsapato. Makiyi ndinawapachika pamsomali pamwamba pa thankiyo, pamodzi ndi sokosi ija. Mphepo ikalowa pawindo salira, ndi olemera.

Chimene sindinazolowere ndi bata. Zaka zonsezi pampu inkalira, makiyi ankalira, china chake chinkayenda m'nyumba muno nthawi zonse. Tsopano ukalowa pabalaza chilichonse chili pamene unachisiya.

Dzulo mmisiri anatumanso uthenga kufunsa za mizere itatu ija. Ndinaima pakhomo la pabalaza, pamene ndinkaima kale, ndipo pakamwa panatsala pang'ono kutuluka mawu oti alendo, afunseni akufuna tilembe chiyani. M'galasimo munali nkhope yanga yokha, ndi mzere wa mchere uja.